Manachesi a ku Mwanza: kodi dzinali mwini wake ndani?

Nyengo yozizira ikafika, mavenda a mumsika wa Limbe, ku Lunzu, ku Zomba mpaka ku Lilongwe amakhala ndi mawu amodzi okopera wogula: "Awa ndi a ku Mwanza." Wogula akamva choncho safunsanso zambiri, amangopisa dzanja m'thumba. Sadalawe koma wakhulupirira kale. Chimene chagulitsa chipatsocho ndi dzina, ndipo dzinalo adalipanga ndi achikumbe a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi ku Thambani amene adadzala mitengoyo ndi kuisamala kwa zaka zambirimbiri.

Tsono nayi nkhani. Munthu wina akatenga manachesi owawasa, othyoledwa osakhwima, ochokera dera lina, naima pamsika n'kumakuwa kuti ndi a ku Mwanza, angamuletse ndani? Nanga mawa kampani ina ikayamba kufinya madzi a zipatso zogula kunja ndi kulemba "Mwanza" pabotolo, mlimi wa ku Mwanza adzapezapo chiyani? Malamulo oyankha mafunso amenewa alipo m'dziko muno, koma alimi ambiri sadawamvepo, popeza amalembedwa m'Chingerezi cha maloya.

Chizindikiro cha malonda

Pa Chingerezi amati trademark. Ndi dzina, chithunzi kapena kalembedwe kamene kamasiyanitsa katundu wa munthu mmodzi ndi wa mnzake. Mukaona botolo la tsabola lolembedwa Nali, kapena paketi yolembedwa Mzuzu Coffee, mumadziwa kumene katunduyo wachokera ndi mmene akomere musadatsegule n'komwe. Sizisiyana ndi mmene eni ng'ombe amadulira khutu kapena kuika chidindo pachikopa kuti yawo idziwike pakati pa khola la mudzi wonse.

Chizindikiro chotere ndi chuma ngati munda. Chikhoza kugulitsidwa, kubwereketsidwa, ngakhale kusiyidwa ngati chuma chamasiye. Chikhozanso kubedwa, ndipo wakuba wake sathyola chitseko. Iye amangopita kwa osindikiza mapepala ndi kupangitsa chofanana nacho.

Dziko lino lidakhala nthawi yaitali likugwiritsa ntchito lamulo la m'chaka cha 1957, la m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Lamulo latsopano, Trademarks Act, lidayamba kugwira ntchito pa 1 October 2018. Wofuna kuteteza chizindikiro chake amakachilembetsa ku ofesi ya boma imene ambirife timaidziwa kuti kwa Registrar General. Kumeneko amayamba afufuza ngati palibe wina amene adalembetsa kale chofanana nacho. Kenaka amachilengeza poyera kuti wodandaula adandaule. Pakapanda wotsutsa, mwini wake amalandira setifiketi yogwira ntchito zaka 10, ndipo zikatha amakaionjezera zaka zina 10, mpaka kalekale malinga akulipira. Kachilembo ka R kozunguliridwa kamene mumakaona pambali pa mayina a katundu m'golosale kamatanthauza kuti dzinalo lidalembetsedwa motere.

Apa pali dzenje limene ambiri amagweramo. Kulembetsa dzina la bizinesi kapena la kopaletivi ndi nkhani ina, kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi nkhani inanso. Setifiketi ya bizinesi imangonena kuti gulu lanu likudziwika kuboma. Siiletsa munthu wina kulemba dzina lofanana ndi lanu pa katundu wake. Chimodzimodzinso chidindo cha Malawi Bureau of Standards: icho chimachitira umboni kuti katundu wafika pamuyezo woyenera, koma sichikupatsani umwini wa dzina.

Chinanso, chizindikiro sichilembetsedwa pa katundu yense wa padziko lapansi nthawi imodzi. Maiko adagwirizana zogawa katundu ndi ntchito m'magulu 45. Zipatso zaziwisi ndi mbewu zili m'gulu la 31. Madzi a zipatso ali m'gulu la 32. Jamu ndi zipatso zoumitsa zili m'gulu la 29, pamene uchi, mpunga, tiyi ndi khofi zili m'gulu la 30. Kalabu imene yalembetsa dzina lake pa manachesi aawisi okha ikhoza kudzadabwa tsiku limene idzagule makina ofinyira zipatso, itapeza kuti dzina lomwelo wina adalitenga kale pa zakumwa. Gulu lililonse limene mwasankha lili ndi malipiro ake, kotero muyenera kuganizira patali koma mosamwaza ndalama.

Dzina la boma silikhala la munthu mmodzi

Wina anganene kuti: basi, mawa ndikwera minibasi ndikalembetse dzina lakuti "Mwanza" likhale langa. Sizingatheke mophweka choncho. Lamulo silifuna kuti munthu mmodzi atsekere anzake mawu ongofotokoza katundu kapena kumene wachokera. Mawu akuti "otsekemera" ndi a aliyense wogulitsa zotsekemera, ndipo dzina la boma ndi la onse olima m'bomalo. Chimene munthu payekha angalembetse ndi dzina lopeka yekha, kapena chithunzi chake chapadera, ngakhale pansi pake atalembapo kuti zipatsozo n'zochokera ku Mwanza.

Koma pa zimene munthu mmodzi sangathe, lamulo la 2018 lidatsegula makomo kwa gulu. Khomo loyamba ndi chizindikiro cha gulu. Mwini wake ndi bungwe, monga kopaletivi, ndipo amachigwiritsa ntchito ndi mamembala okhaokha amene akutsata malamulo a bungwelo. Lachiwiri ndi chizindikiro chaumboni, chimene mwini wake sagulitsa katunduyo koma amayendera ena ndi kuwaloleza akakwaniritsa muyezo. Lachitatu, limene likukhudza kwambiri manachesi athu, ndi dzina la dera lochokera katundu, pa Chingerezi geographical indication.

Dzina la dera limatetezedwa pamene kukoma kapena mbiri ya katunduyo ikuchokera ku malowo: dothi lake, nyengo yake, ndi luso la anthu ake. Likalembetsedwa silikhala la kampani ndipo siligulitsidwa. Mlimi aliyense wa m'deralo amene akutsata kalimidwe kogwirizana ali ndi ufulu wolitchula, pamene wa kunja kwa deralo alibe, ngakhale zipatso zake zitakoma chotani.

Chitsanzo sitichifuna kutali. Mukangodutsa chipata cha Mwanza ndi kulowa pa Zobue, mwafika m'chigawo cha Tete, kumene mbuzi zake n'zotchuka m'dziko lonse la Mozambique. Mbuzizo zimadya msipu wa m'tchire louma la kumeneko pamodzi ndi masau ndi malambe, ndipo odya nyama ku Maputo amati kakomedwe kake n'kosiyana ndi ka mbuzi zina. Pofika chaka cha 2020 dzina lakuti Cabrito de Tete linali litalembetsedwa ngati dzina la dera loyamba kutetezedwa m'dzikolo. Oweta adayenera kupanga bungwe, kulemba malamulo a kawetedwe ndi kaphedwe, ndi kugwirizana za malire a dera lawo. Anthu amenewo ndi anansi athu, ambiri a iwo timamvana nawo chilankhulo pamsika. Ngati mbuzi idatheka, nachesi angakanike bwanji?

Zimene zidawaonekera a rooibos

Amene adakhalako ku Joni akuidziwa tiyi yofiira yotchedwa rooibos. Chitsamba chake chimamera m'mapiri a Cederberg ndi madera oyandikana nawo, kumpoto kwa Cape Town, ndipo anthu a kumeneko akhala akuchimwa kuyambira kale. Palibe amene ankaganiza kuti dzina lodziwika choncho lingakhale ndi mwini. Koma m'chaka cha 1994 kampani ina idalilembetsa ku America ngati chizindikiro chake, ndipo m'chaka cha 2001 umwiniwo udapita m'manja mwa kampani ya ku Texas. Kampaniyo idayamba kulembera makalata ogulitsa tiyiyo ku America kuti alipire kapena aleke kutchula dzinalo. Taganizani: mbewu ndi yanu, dzina ndi la makolo anu, koma pamsika wina mukuuzidwa kuti musalitchule.

Mlandu udatenga zaka zambiri ndi ndalama zochuluka, ndipo udatha m'chaka cha 2005 pamene kampaniyo idasiya dzinalo. M'chaka cha 2013 kampani ya ku France idayesanso zomwezo. Apo m'pamene a ku South Africa adadzuka kwenikweni ndi kuteteza dzinalo kwawo komwe, ndipo m'chaka cha 2021 maiko a European Union adalilemba m'kaundula wawo wa mayina a madera otetezedwa. Lero tiyi yolimidwa kwina singagulitsidwe kumeneko ndi dzina la rooibos.

Dziko la Ethiopia nalo lidalimbana ndi kampani ya Starbucks pa mayina a khofi wake, Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe, mpaka adagwirizana m'chaka cha 2007. Iwo adasankha njira ina: boma ndilo lidalembetsa mayinawo ngati zizindikiro za malonda, n'kumaloleza makampani kuwagwiritsa ntchito. Alimi a khofi kumeneko ndi ochuluka zedi ndipo ndi omwazikana, kotero kuyendera munda uliwonse monga zimafunikira pa dzina la dera kukadakhala kovuta. Mwanza ndi boma laling'ono, choncho vuto limenelo lilibe mphamvu kwenikweni kwathu kuno.

Setifiketi siwoloka chipata

Mfundo imene amalonda ambiri saidziwa ndi iyi: chitetezo cha chizindikiro chimathera m'malire a dziko limene mwalembetsa. Setifiketi ya ku Malawi imagwira ntchito kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, koma lole ikangodutsa pa Zobue, pepalalo latha mphamvu. Kwa boma ngati la Mwanza, limene msewu wake ndiwo njira ya malole opita ku Tete, Harare ndi Johannesburg, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Njira zotetezera dzina kunja zilipo zitatu. Yoyamba ndi kulembetsa m'dziko lililonse palokha kudzera mwa loya wa komweko. Pa njira imeneyi pali pangano lakale la ku Paris la m'chaka cha 1883, limene Malawi adalowamo m'chaka cha 1964. Pangano limeneli limati mukalembetsa kwanu, muli ndi miyezi 6 yokalembetsa m'maiko ena a m'panganolo, ndipo kumeneko adzawerenga ngati mudafika tsiku lomwe mudalembetsa kwanu. Wina amene waona katundu wanu pachionetsero n'kuthamangira kukalembetsa m'miyezi imeneyo amapezeka kuti ali kumbuyo kwanu pamzere.

Yachiwiri ndi ya bungwe la ARIPO, limene lidakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka m'chaka cha 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Pansi pa bungweli pali pangano la Banjul la m'chaka cha 1993, limene lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1997, Malawi ali m'gulu la maiko oyamba. Mumalemba pempho limodzi ndi kutchula maiko amene mukufuna, monga Zimbabwe, Botswana, kapena Mozambique amene adalowa m'chaka cha 2020.

Yachitatu ndi ya Madrid, imene imayendetsedwa ndi bungwe la WIPO ku Geneva, ndipo kuno idayamba kugwira ntchito pa 25 December 2018. Imafika m'maiko oposa 100, kuphatikizapo Mozambique, Zambia, Zimbabwe, Britain, China, America ndi a European Union. Pempho limadzera ku ofesi yathu yomwe ino, ndipo simungaliyambe musadalembetse kapena kupempha kulembetsa kwanu kuno. Malipiro oyambira ndi ma franc a ku Switzerland 653 pa chizindikiro chopanda mitundu, koma ochokera m'maiko osaukitsitsa monga lathu amalipira 65 okha. Musakondwere msanga, chifukwa dziko lililonse limene mwatchula lili ndi malipiro ake pamwamba pa amenewo. Dziwaninso kuti WIPO sikakamiza dziko kulandira chizindikiro chanu. Ofesi ya dziko lililonse imachiyeza ndi malamulo ake ndipo ili ndi chaka chimodzi, kapena miyezi 18 kwa ena, yoti ikane. Komanso m'zaka 5 zoyamba, chizindikiro cha kunjacho chimatsamira pa cha kwanu: cha kwanu chikagwa m'bwalo la milandu, za kunja zonse zimagwa nacho.

Msika umene ambiri amaulota, wa South Africa, suli m'pangano la Banjul ndipo suli mu Madrid. Kumeneko n'kulembetsa pakokha. Pajatu ngakhale liwu lakuti nachesi lidachokera komweko, ku liwu lawo lakuti naartjie, ndipo iwo ndi akatswiri a zipatso za mtundu umenewu otumiza kunja zochuluka kuposa dziko lina lililonse mu Africa. Kukagulitsa manachesi kumeneko kuli ngati kukagulitsa usipa ku Nkhata Bay. Maganizo anga ndi akuti gulu la alimi a ku Mwanza lisataye ndalama pa maiko amene silidatumizeko ngakhale dengu limodzi. Liyambe ndi kuno kwathu, kumene dzinali lili kale ndi mtengo, kenaka Mozambique ndi Zimbabwe malonda akafika kumeneko.

Ntchito yovuta ili kumudzi

Kudzaza mafomu ndi gawo lopepuka. Cholemera ndi chimene alimi ayenera kugwirizana asadapite ku ofesi, popeza dzina la dera limalembetsedwa pamodzi ndi buku la malamulo ake, ndipo bukulo liyenera kuyankha mafunso amene akhoza kuutsa mkangano pabwalo la mfumu.

Funso loyamba ndi la malire. Mpaka m'chaka cha 2003 Neno inali mbali ya boma la Mwanza, ndipo manachesi a kumapiri a Neno akhala akugulitsidwa ndi dzina lomweli kuyambira kale. Kodi awatsekere kunja chifukwa cha mzere umene boma lidajambula mitengo ili kale m'munda? Lamulo silinena kuti malire a dzina afanane ndi malire a DC. Limafuna dera limene dothi, nyengo ndi kalimidwe zikupereka chipatso chofanana. Ndiye pali zipatso zolowa kuchokera tsidya la Mozambique, kumene mapiri ndi omwewo ndipo mabanja ndi amodzi. Zimenezi ziyenera kukambidwa poyera, mafumu ndi alangizi ali pomwepo, osati kudzazitulukira chizindikiro chitatuluka kale.

Nkhani ya mayina ili ndi zodabwitsa zake. Mpunga wonunkhira umene timanyadira kuti ndi wa ku Karonga timautcha Kilombero, chonsecho Kilombero ndi mtsinje ndi chigwa cha ku Tanzania kumene nakonso amalima mpunga. Ndipo Mwanza weniweniyo ali ndi mnzake: mzinda waukulu wa m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania umatchedwanso Mwanza. Wokalembetsa dzinali kunja adzayenera kulemba momveka kuti akunena Mwanza wa ku Malawi.

Funso lachiwiri ndi la muyezo. Nachesi wa ku Mwanza woyenera dzinalo ndi wotani? Athyoledwe atafika pati? Kukula kwake kukhale kotani? Kodi wogwetsedwa ndi mtengo kapena wogwedezedwa n'kugwera pansi aloledwe? Nanga wonyamulidwa m'matumba osanjikizana pa lole, apansi ataphwanyika? Tonse tikudziwa kuti njala ya ndalama ikavuta, ena amagulitsa mtengo wonse kwa venda zipatso zikadali zobiriwira, ndipo vendayo amathyola tsiku limene wapeza galimoto, osati tsiku limene zapsa. Zipatso zoterozo zikalowa m'bokosi lokhala ndi chizindikiro cha gulu, wogula wa ku Lilongwe sadzati mlimi uje wandinamiza. Adzati a ku Mwanza andinamiza. Paja nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Lachitatu ndi la woyang'anira. Boma limapereka setifiketi, koma silitumiza munthu woti azizungulira m'misika kufufuza amene akuba dzina lanu. Imeneyo ndi ntchito ya eni dzina: kuona, kusunga umboni, kulemba kalata yochenjeza, ndipo zikakanika kukadandaula ku bwalo la milandu. Zonsezi zimafuna thumba la ndalama, ndiye kuti membala aliyense azisonkha kanthu pa bokosi lililonse. Gulu limene makomiti ake amakangana pa ndalama za chaka chatha lisayambe n'komwe. Liyenera kukhala lolembetsedwa mwalamulo, monga pansi pa lamulo la makopaletivi la m'chaka cha 1998, kuti likhale ndi mphamvu yokhala mwini chizindikiro ndi kusuma mlandu m'dzina lake.

Tinenenso chilungamo: chizindikiro sichichiza mtengo wokalamba umene wasiya kubereka, sichipha ntchentche zoboola zipatso, ndipo sichikonza msewu wa kumunda. Manachesi onse amapsa nthawi imodzi, msika n'kudzaza, mtengo n'kugwa, ndipo setifiketi payokha singasinthe zimenezo. Phindu lake limaoneka pamene pali wogula wofuna katundu wodalirika, monga masitolo akuluakulu a m'tauni, mahotela ndi opanga zakumwa, amene amalolera kuonjezera mtengo akatsimikiza kuti bokosi la sabata ino lifanana ndi la sabata yatha. Manachesi ogulitsa pamulu m'mbali mwa msewu alibe pomata chizindikiro. Chimafuna bokosi, kathumba kaukonde kapena kapepala komata pachipatso, ndipo zimenezi nazo ndi ndalama zoti ziwerengedwe.

Mlimi ngati wogula

Malamulo omwewa amatetezanso inu pamene mukugula. Chaka ndi chaka mvula ikayandikira timamva za anthu ogwidwa akupaka utoto chimanga cha m'nkhokwe ndi kuchiika m'mapaketi ofanana ndi a makampani a mbewu. Kumeneko ndiko kuba chizindikiro, ndipo wolira kwambiri si kampani koma mlimi amene amazindikira chimanga chitamera mwa apo ndi apo, mvula yodzalira itapita. Lamulo latsopano la mbewu la m'chaka cha 2022 lidakhwimitsa zilango pa mchitidwe umenewu. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, funsani lisiti, ndipo paketi musaitaye mpaka mutakolola, chifukwa nambala zolembedwa pamenepo ndizo umboni wanu.

Kwa kalabu kapena munthu amene wayamba kale kuika uchi, jamu, ufa wa malambe kapena madzi a mandimu m'mabotolo, choyamba si kupita kwa wosindikiza. Sankhani mayina awiri kapena atatu, mukapemphe ofesi yolembetsa ifufuze ngati ali omasuka m'gulu la katundu wanu, ndipo mapepala omata musindikize yankho litabwera. Sungani malisiti, zithunzi ndi mabuku osonyeza tsiku limene mudayamba kugulitsa ndi dzinalo. Ngati chithunzi chakujambulirani ndi mnyamata waluso wa pa trading centre, lemberanani kalata yosonyeza kuti wakupatsani umwini wake, popeza lamulo la zaluso la m'chaka cha 2016 limateteza wojambula. Ndipo pa fomu yolembetsa, pamalo pa mwini chizindikiro, palembedwe dzina la gulu monga liliri pa setifiketi yake, osati la wapampando kapena la mlembi amene watumidwa ku Blantyre.